Khosi la Kamlomo

Lolemba, 4 Meyi
Mwana wanga Kamlomo akusanzabe. Ndi madzi omwe sakukhala m'mimba. M'nyumba zii, mwana woti amalongolola ngakhale ali m'tulo! Alamu abweretsa timapiritsi ta nseru totsala pa mimba yawo ija. Akuti, "Akasanza mupatseninso, mlamu, ndiye kuti toyambato tatuluka." Zomveka. Ndatero tsiku lonse.

Lachiwiri, 5 Meyi
Kusanza kwaleka. Kanthu kochepa ngati batani la malaya, mphamvu zake zimenezi! Ndamuwonjezera kena kuti nseru isabwerere.

Lachinayi, 7 Meyi
Dzulo sindinalembe.

Dzulolo masana ndili pa makina osokera ndinangomva kapu phwaa. Kuthamangira kuchipinda, khosi la mwana litapindikira kumbuyo, maso m'mwamba, lilime panja, nsagwada gwa. Bambo ake akuti khunyu, aneba akuti ziwanda. Ine mutu osagwira.

Kuchipatala adokotala, mayi wamfupi wofatsa, sanatekeseke n'komwe. Funso limodzi basi: "Wamwa chiyani?" Ndinawaonetsa timapiritsi tija. Jakisoni. Pemphero langa lisanafike pa ameni, khosi linayamba kufewa, maso anatsika, lilime linabwerera kwawo. Ndinaona ndi maso angawa. Akanandiuza wina ndikanati bodza.

Lachisanu, 8 Meyi
Mawu a adokotala sakundichoka. Akuti mankhwalawa sathera m'mimba, amakafika ku ubongo n'kukatseka pamene pamachokera kusanza. Koma njira yomweyo ndi imene imalamuliranso minofu. Akachuluka, makamaka kwa ana ndi achinyamata, amatseka konse. Ndipo kusanza si umboni woti atuluka, ena amakhala atalowa kale m'magazi. Ine ndimayesa ndikuthira madzi m'ndowa yobooka, chonsecho ndowayo ikudzaza. Thupi la munthu, abale! Ndikuchita nalo mantha, komanso ndikulisirira.

Alamu atumiza malalanje, okha osaoneka. Manyazi. Sindinawakwiyire, amayesa akuthandiza.

Lamulungu, 10 Meyi
Pakamwa pa Kamlomo patseguka, makutu athu ali pa ntchito ngati kale. Ndikumupesa tsitsi ndamufunsa ngati akukumbukako kanthu. Ndimayesa anali atakomoka.

"Zonse, amayi. Ndimamva, kungoti pakamwa pamakana. M'galimoto muja munauza adadi kuti, 'Mwana wapita uyu.' Ndimafuna ndikuuzeni kuti ndilipo."

Wanena akuseka. Ine chipeso chandipulumuka, tsitsi mpaka pano sindinamalize.