Zitsulo ndinamanga bwino, koma mayi sakweranso

Aphungu,

Nkhani yangayi ena aiseka, koma ine ikundidya mumtima. Ndine bambo wopuma pa ntchito, ndipo ine ndi mkazi wanga tili ndi galimoto yakale ya m'tchire, ija yokoka ndi matayala onse anayi. Chikwatiranireni, chisangalalo chathu n'kuthawa m'tauni Loweruka, kukwera misewu ya miyala mpaka pamwamba pa phiri pomwe foni sigwira. Ine ndimayendetsa. Pa malo ovuta mayi a kunyumbawo amatsika n'kumandilozera ndi manja: "Kumanja pang'ono! Imani! Mwala uli pansi pa chitseko, bambo inu!" Tikafika timayala nsalu n'kumwa tiyi wa m'fulasiki. Ana athu anakulira pampando wakumbuyo, lero aliyense ali pakhomo pake.

Ulendo wina mwala unatipeza. Unapinda chopondera cha mbali ya mayi n'kufinya pansi pa chitseko, moti tinabwerera chitsekocho titamanga ndi chingwe. Ndinati izi zithere pompa. Ndinapita kwa wowotcherera, anandipangira zitsulo ziwiri za mapaipi ochindikala zotchinga miyala. Zopondera zakale zija, zopyapyala komanso zolendewera pansi, ndinazimasula n'kuziponya pakona m'galaja. Zitsulo zatsopanozo ndinazimangirira ku chasisi, chimango chachitsulo cha pansi pa galimoto, osati ku bodi. Ndinasiya mpata wolowa chala kuti zisamagundane ndi bodi galimoto ikamapendekeka, m'mabowo ndinapaka penti kuopa dzimbiri, mabawuti ndinakunga mpaka sipanala kukana. Ndinazikweza ndithu, zinabisala pansi pa chitseko kuti mwala usazikole. Poti ndinali nditayamba kale, ndinaikanso masipuling'i aatali ndi matayala aakulu. Mkamwini wanga, amene ankandigwirira zitsulozo, anaseka nati, "Bambo, iyi tsopano si galimoto, ndi nyumba yosanja."

Loweruka lotsatira ndinawaitana mayi kuti adzaone. Anatsegula chitseko, anagwira chogwirira cham'mwamba, anaima kanthawi akuyang'ana mpando. Kenako anagunda chitsulocho ndi nsapato nati, "Zaoneka bwino. Koma lero pitani nokha, ndanyika zovala." Sabata inayo unali mutu. Inayo akuti mwina kubwera alendo, alendo ake sanaoneke. Koma mwana wathu wamkazi akabwera ndi kagalimoto kake kokwawa pansi, mayi amalowa msangamsanga, ulendo wa kumsika.

Ndinawafunsa, "Kodi ndakulakwirani chiyani?" Anati, "Palibe. Inu sangalalani ndi galimoto yanu." Aphungu, mawu akuti "yanu" amenewo anandilasa. Zaka zonsezi inali yathu. Ndikuona ngati zambiri zawatopetsa, chifukwa ngakhale maluwa awo kuseri kwa nyumba asiya kugwada n'kumawapalira, ndipo kusita amasita atakhala pampando, osandiyankhula kwenikweni.

Ndinayesa kupita ndi mnzanga wina. Njira yonse ankakamba za mpira, ndipo pondilozera anandilowetsa m'ngalande. Pamwamba paja tiyi sanakome.

Kodi andikwiyira chifukwa ndinatha masiku ndili chagada pansi pa galimoto? Kapena atopa ndi ineyo? Mlongo wanga akuti ndingoigulitsa mtendere ubwerere, ndipo wogula alipo kale. Ndichite bwanji?

B.K., wa galimoto yobiriwira

Bambo B.K.,

Wogulayo muuzeni adikire. Pepani ndithu, ndamva kusungulumwa kwanu, ndipo munthu amene tiyi samukomera popanda mkazi wake sindingamuseke. Koma yankho mwalemba nokha m'kalata yanuyi, mwangolidutsa.

Munachotsa chopondera. Munakweza galimoto. Chitsulo chatsopano munachibisa pansi pa chitseko pomwe phazi silingaponde. Mayi anagwira chogwirira, anayeza mtunda wa mpando ndi maso, n'kukumbukira zovala. M'kagalimoto kotsika amalowa bwinobwino. Asiya kugwada, akusita atakhala. Ine si dokotala ndipo mayiwo sindinawaone, koma ndikukayikira kwambiri bondo kapena chiuno. Sindikuona munthu amene watopa nanu. Ndikuona munthu amene sangathenso kukwera, ndipo akuchita manyazi kunena.

Mufunsa kuti bwanji osangondiuza? Taganizani. Mayi amene ankadumpha pa miyala akukulozerani njira, lero anene pamaso panu ndi pa mkamwini kuti mwendo ukukana? Komanso anaona mmene nkhope yanu inawalira pa zitsulo zija. Sanafune kukuonongerani. Mawu aja akuti "yanu" mwina sanali mwano, koma kudandaula kuti galimoto yawasiya.

Yambani ndi pakamwa, sipanala ibwere pambuyo. Musawafunsenso kuti mwawalakwira chiyani, funso limenelo limangobala "palibe". Khalani nawo pawiri, ana kulibe, munene kuti mwaona kuti galimoto munaikweza mopitirira ndipo simunaganizire za pokwerera. Cholakwacho chiikeni pa inu ndi pa galimoto. Mukatero mudzaona kuti za mwendo azitchula okha.

Akazitchula, apititseni kuchipatala. Ululu wa m'mfundo sutha poubisa, ndipo zambiri zimathandizika munthu akapita msanga. Muwaperekeze, osangotuma mwana wanu.

Kenako bwererani kwa wowotcherera uja. Zitsulo zanu sizinalakwe, musazichotse. Akhoza kuwonjezera paipi yotulukira kunja pang'ono, n'kuikapo chitsulo chophwatalala chokhakhala pamwamba kuti nsapato isaterereke kukagwa mvula. Ngati pakhalabe patali, kampando kolimba koyenda nako m'galimoto kathandiza, ndipo chogwirira china chotsikirapo si chovuta kuika. Masipuling'i aataliwo muwaganizirenso ngati mukuwafunadi. Koma muyeso usachokere m'mutu mwanu. Munadziwa kusiyira bodi mpata wa chala, tsono pano yezani phazi la mayi, ndipo anene okha pamene pawakomera.

Ulendo woyamba ukhale waufupi, msewu wosagwedeza kwambiri. Ngati kutsika pa malo ovuta kukuwavuta, akulozereni ali pampando, galasi lotsitsa. Maso awo ndi omwe aja, ndipo sanakulowetsenipo m'ngalande.

Machenjezo anga ndi awa. Mukamagwiranso ntchito pansi pa galimotoyo, musadalire jeke yokha, ikani zochirikiza zolimba ndipo pakhale munthu pafupi. Mawu akuti "ukalamba" asatuluke pakamwa panu, ngakhale mwanthabwala. Ndipo ngati mutakonza zonsezi mayi n'kukanabe, ndiye kuti pali china, muwamvetsere mpaka amalize osawadula.

Galimoto mwaiteteza mokwanira, bambo, miyala siichitanso kanthu. Tsopano tsegulani chitseko cha mbali inayo, muime pomwepo, muwapatse dzanja. Musalize injini mpaka atakhala.

Aphungu