Nyanga za Tuktu Zazikazi

Achemwali a Ulayu,

Ndikhulupirira muli bwino ku Winnipeg uko. Kuno nyama zathu zija zonga mphalapala, tuktu, zabwera! Zadzaza chigwa, zikufukula chipale chofewa ndi ziboda kufuna ndere. Tinkaopa kuti mvula ija itaundana inalimbitsa chipalecho pamwamba, koma zikuboola ndithu.

Dzulo yaimuna itakumba dzenje, yaikazi inaithamangitsa n'kudya yokha. Paja zazimuna zinagwetsa kale nyanga, pomwe za bere zimasunga zawo mpaka kubereka. Alamu anu anaseka: "Siasi, iwenso ukundilanda nyama m'mbale masiku ano. Nyanga zako zili kuti?"

Zoona zake, achemwali, nanenso ndine woyembekezera. Amayi asamve kaye, paja mukudziwa kuti chaka chatha ndinapita padera. Koma tuktu zikamadzabereka mu Juni, mudzakhale muli kuno.

Ndine mng'ono wanu,
Siasi