Zimene Ndinalemba Pansi pa Chithunzi Chako

Mandimba, Lachiwiri

Débora, mwana wa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli wamoyo kumeneko ku Nampula. Chifuwa chija chinakusiya? Kuno tilipo. Akazi anga a Catarina mwendo ukuwavutabe, koma pakamwa pali bwinobwino, makamaka masiku ano pamene ndawapatsa nkhani. Amayi ako ku Ngauma ali bwino, akukolola.

Foni yanga sukuyankha, ndipo sindikukudzudzula. N'chifukwa chake ndapempha Fatuma wa malonda a tomato uja kuti akwere nayo sitima kalatayi, akupatse m'manja.

Ndiyambe ndi pamene ndinalakwira. Utabwera pa Pasaka unandionetsa tsamba lako la pa intaneti lofunira ntchito, limene mumati perefili. Chithunzi chako chilipo, maphunziro ako a zaulimi a ku Cuamba alipo, ndipo unalembanso kuti unkagwira ntchito pa banka yanga, kasitolo kanga kaja kogulirapo nandolo. Unanditsegulira langa, n'kunena kuti ukadzalengeza zoti ukufuna ntchito, ine ndidzaikepo mawu monga bwana wako wakale. Ndinavomera modzikuza. Ndinati kulemba ndinaphunzira ku Malawi nthawi ya nkhondo iwe usanabadwe, usandiphunzitse.

Tsono iwe ukudziwa mmene timaperekera mwana kwa eni ake. Kaya ndi kwa aphunzitsi, kaya ku ukwati, malume saima n'kumati wanga ndi wanzeru. Amati mwanayu sadziwa kanthu, mukamulere. Olandirawo amamva okha kuti akupatsidwa munthu wa mtengo wapatali. Komanso kutama mwana pagulu n'kumuitanira maso oipa. Umu ndi mmene ndinakulira.

Ndiye utalengeza, ndinavala magalasi n'kulemba. Ndinati ndiwe mwana wosadziwa kanthu, wogona mpaka dzuwa litakwera, wouma mutu pang'ono, ndipo aliyense wokutenga akhale woleza mtima, akakulangize ngati wake. Kuti mabwana amve bwino, ndinalemba m'Chipwitikizi! Nditamaliza ndinadziona ngati malume weniweni.

Mawa lake unanditumizira uthenga umodzi wokha, wakuti kampani ya mbewu ya ku Cuamba imene inakuitana kuti ikakufunse mafunso yati uyambe wadikira. Kenako unanditsekera, tsamba lako sindikulionanso.

Poyamba ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinati ana a masiku ano safuna kulangizidwa. A Catarina ndi amene ananditsegula m'maso. Anandifunsa ngati ndimagula nandolo amene mwini wake wanena yekha kuti ngofumbwa. Anati pa intaneti palibe ankhoswe oti amasulire mawu anga, mlendo amangowerenga zimene zalembedwa basi. Nsima ya tsiku limenelo sinatsike.

Dzulo ndinakwera chapa, minibasi yathu ija, kupita ku Cuamba, nditavala jekete la kutchalitchi. Pa kampanipo ndinauza mlonda kuti ndikufuna amene amalemba anthu ntchito. Anandilowetsa kwa mayi wina wa mtundu wa Amakua, dona Luciya. Nditangotchula dzina lako, anavula magalasi n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Kani ndinu malume aja?"

Débora, ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe. M'chipindamo munali atsikana awiri a msinkhu wako, ndipo onse anasiya kulemba. Kutanthauza kuti mawu anga anawerengedwa ndi ofesi yonse.

Mayiyo anati iwo atawerenga anaseka, chifukwa bambo awo ankayankhulanso chomwecho. Koma anati posankha munthu sakhala okha. Pali mabwana ena ochokera kutali amene mwambo wathu saudziwa, ndipo iwo anaona kuti bwana yekhayo amene unamugwirirapo ntchito akuti ndiwe waulesi. Kenako anandifunsa kuti zoona zake n'ziti.

Lilime linalemera ngati thumba la chimanga. Ine kutama mwana wa m'nyumba mwanga pamaso pa alendo? Koma ndinayankhula.

Ndinawauza kuti chaka chimene ndinagona m'chipatala, banka unaiyendetsa wekha. Ndinati unkapalasa njinga mpaka ku Ngauma kukaona minda ya alimi athu, ndipo ndiwe unawaphunzitsa kusunga mbewu osafumbwa. Ndinati alimi Achiyao amakufuna iwe chifukwa umawayankha m'chinenero chawo ndipo sikelo suibera. Za kuuma mutu sindinabweze. Ndinati unandikaniza kusakaniza nandolo wakale ndi watsopano, tinakangana, ndipo wolondola unali iwe.

Nditamaliza, dona Luciya anafunsa ngati iweyo unamvapo mawu amenewa kuchokera pakamwa panga. Ndinavomera kuti sunawamvepo.

Anati iwo sangatenge mawu a m'chipinda kupita nawo kwa mabwana. Bodza ndinalinena pagulu, choncho zoona ndikazinenenso pagulu pomwepo, aliyense aone. Akumana ndi mabwanawo Lolemba likubwerali kuti asankhe oti awaitane, ndipo dzina lako silinafufutidwe. Sanalonjeze kanthu kuposa pamenepo.

Pempho langa ndi limeneli, mwanawe. Nditsegulire tsamba lako Lolemba lisanafike. Ndikudziwa kuti madzi akatayika saoleka, ndipo amene anawerenga anawerenga. Sindifufuta mawu oyamba aja mwakachetechete ngati wakuba. Ndilemba pansi pake kuti ine Estevão ndinanama, ndinatsata mwambo pamalo posayenera, kenako ndilemba zonse zimene ndinauza dona Luciya. Ndiyamba ndakutumizira kuti uone, ukonze ngakhale Chipwitikizi changa. Nthawi ino undiphunzitse.

Za maso oipa ndikuopabe, sindikubisira. Koma ndaona kuti pokubisa kwa anthu ansanje, ndakupweteka ndine mwini wako.

Ukasankha kusanditsegulira, sindikwiya. Ntchitoyo ikakuphonya chifukwa cha ine, ndikauza ndekha amayi ako, usavutike kuwafotokozera. Koma mawu awa okha uwamve, poti ndakhala nawo zaka zonsezi osawatulutsa: mwa ana onse amene anadutsa m'manja mwanga, palibe amene ndimamunyadira ngati iwe.

Ambuye akusunge, akutsegulire khomo limene ine ndinatseka. Undiperekere moni kwa anzako amene ukukhala nawo, ngakhale ndikudziwa kuti nawonso anawerenga. A Catarina akuti moni, akutinso usafulumire kundikhululukira, koma tsambalo utsegule.

Foni ili m'thumba la malaya, ndaikweza mawu.

Ndine malume ako wamanyazi,
Estevão