Foda ya Amayi pa Desktop

Mzime 09:14
achemwali laptop ndayatsa. disk yadzaza mpaka yafiira kuti psuu, ndichifukwa chake mayeso anu akukana kuseva

Achemwali 09:16
chotsa zilizonse zopanda ntchito mzime, ahedi ali pakhosi panga akufuna mayesowo lolemba. koma foda ya AMAYI pa desktop usaikhudze pls. mavidiyo awo onse ali mmenemo, foni yanga yakale ija paja inabedwa

Mzime 09:18
ndaiona sindiikhudza. koma keyboard yanuyi ayi ndithu, pansi pa space bar ndatulutsa chikhadabo chathunthu

Achemwali 09:19
ndi alamu ako amenewo, amawenga akuonera mpira. ndinalankhula mpaka kutopa

Mzime 09:33
bin ndakhuthula, downloads ndasesa, ndapeza 4gb yokha. chadya malo ndi foda ina yolembedwa NTCHITO, 210gb

Achemwali 09:35
ndi ya alamu ako, za ku vet kwawoko. dikira ndiwaike mu group ayankhe okha

Achemwali awonjezera Alamu

Mzime 09:41
🎤 0:24
mayo ine achemwali! ndatsegula ndikumwa tiyi. ng'ombe ili ndi chithupsa chachikulu ngati mpira, alamu akuchifinya ndi manja awiri, mafinya mpaka kuthira pa kamera. ina ndi mbuzi, mphutsi zikuyendayenda m'khutu. tiyi yense ndataya mu sinki, lero sindidyanso

Alamu 09:52
umenewo ndi umboni wa ntchito mlamu. musafufute olo imodzi

Mzime 09:53
chithupsa chomwechomwecho mavidiyo mbweee alamu. chakumanja, chakumanzere, ina slow motion. mukufuna chipatsidwe award?

Alamu 09:54
kkkk mitima yanu anthu a mu office ndi yofewa

Achemwali 10:05
mzime poti uli ndi flash, kopa kaye foda ya amayi usanapitirize. sindikufuna azikhala nyumba imodzi ndi mafinya

Mzime 10:12
achemwali

Mzime 10:12
munaitsegula liti komaliza?

Achemwali 10:13
sindinaitsegulepo chiikire maliro. ndimangoiyang'ana ndikayatsa laptop, mtima sunalimbe. bwnj?

Mzime 10:15
iyi si foda. ndi shortcut, kachizindikiro kongolozera komwe kuli foda, 2kb basi. ndikadina ikuti chinthucho kulibe

Mzime 10:21
ndasaka disk yonse. foda yeniyeniyo mulibe

Achemwali 10:22
bambo a mwana?

Achemwali 10:29
📞 sanayankhe

Achemwali 10:47
📞 sanayankhe

Achemwali 11:02
ndikuona kuti mwawerenga

Alamu 11:20
🎤 0:31
iii mayi a mwana tamverani kaye. nthawi ija kunavuta matenda a nkhumba malo anatha, ine ndili ndi mavidiyo ofunika kusunga. ndiye ndinaona AMAYI awiri, wina 38gb wina kang'onong'ono. ndinati ndi zofanana izi, ndachotsa wamkuluyo ndasiya wamng'ono. sikuti ndinachita dala ayi

Mzime 11:22
munaganiza kuti apongozi anu akwana mu 2kb

Achemwali 11:23
munadziwa liti kuti mulibe kanthu

Alamu 11:31
masiku omwewo, nditadina

Achemwali 11:32
chaka chatha chimenecho

Achemwali 11:33
ndiye mmawa uliwonse mumandimva ndikuti mwadzuka bwanji amayi pa screen, inu phee kumangopaka batala pa buledi

Alamu 11:36
ndimaopa kukukhumudwitsani

Achemwali 11:36
mumaopa? munthu wolowetsa dzanja m'chilonda cha ng'ombe uku akuseka?

Achemwali 11:38
mwandinyansa. zoona mwandinyansa kuposa zimene waona mzimezo

Achemwali 11:40
mzime palibe njira yowabwezera? ndimamva kuti zofufutidwa zimapezekanso

Mzime 11:41
akanati anene tsiku lomwelo zikanatheka bhobho. ndiyesabe, musayembekezere zambiri

Achemwali 12:03
zikuti bwnj

Mzime 12:14
mayina okha ndi amene abwera. amayi_akuimba, amayi_anyamula_mwana, amayi_kuchipatala

Mzime 12:15
ndikatsegula palibe mawu, chithunzi chongosweka. imodzi yaonetsa theka la mpango wawo, theka linalo ndi nkhumba

Mzime 12:16
malo omwe munali amayi ndi omwe anadzazamo zilonda zawozo. chaka chonse akuonjezera pamwamba. sangabwererenso achemwali

Achemwali 12:18
ndimati mwana akakula adzamve mawu a agogo ake. anamusiya asanayambe kulankhula

Mzime 12:19
ndikudziwa. ine ndili ndi zithunzi zokha, mavidiyo tonse timadalira inu

Mzime 12:20
mayeso anu ndaseva pa flash, ndibweretsa ndekha. laptop iyi sindikufuna kuigwiranso, ndasamba m'manja kawiri

Alamu 12:33
pepani ndithu mayi. kulakwa kulibe mwini. tikambirana kunyumba

Alamu 12:36
koma mlamu ya mbuzi ya khutu ija musachotse, abwana akuifuna lolemba

Achemwali atuluka mu group

Alamu 12:58
mlamu

Alamu 13:25
mwaiona message yanga?