Ndinaloza malire a dimba lanu osadziwa

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti mutu wanga uja wayambiranso, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Loweruka amalume anandiitana kumudzi. "Mphwanga, sukulu yakukalambitsa. Tiye ukaone timitsinje tomwe unkagwiramo nkhanu." Ndinakondwa. Tinatsika kabaza ku Nchema n'kutsata kanjira ka m'minda ya nandolo kulowera kumtsinje wa Mombezi. Tinali ndi bambo wina wa ku Limbe, amalume akuti ndi mnzawo wokonda kuyenda.

Tinawoloka timakhwawa nsapato zili m'manja, ine ndikuloza chilichonse ngati mwana: mkuyu uja, mwala umene amayi ankachapirapo, nsenjere zolekanitsa dimba lanu ndi la eni. Bamboyo ankangofunsa kuti, "Ndiye likuthera apa?" Ndinkavomera, mpaka kuwakonza amalume pamene analakwitsa. Mukundidziwa ine.

Pobwerera, mayi wina wotsuka mpiru pamtsinje anandiimitsa. "Aphunzitsi, mwagulitsadi dimba la achemwali anu? Takuonanitu mukuyenda malire ndi ogula."

Achemwali, nditafunsafunsa ndinamva kuti amalume akugulitsadi dimbalo. Bamboyo akufuna kuumbapo njerwa, ndipo amalume akuuza aliyense kuti mlongo wake wa mwini dimba analoza yekha, anthu akuona.

Chonde aimbireni foni amalume msanga, amve pakamwa panu kuti simunalole, zikombole za njerwa zisanafike padimbapo. Ndati mumve kwa ine musanamve kwa ena. Kuloza ndinalozadi, koma ndinkayesa kuti ndikuonetsa mlendo kwathu.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Fanuwelo