Mabawuti Opanda Chikalata

Lolemba, 3 Malichi
Mvula, basi yodzaza. Kusitolo ya zipangizo 7 koloko. Kwafika bokosi la mabawuti ogwira mapiko a tindege timene timamanga. Alipo 50. Chikalata cha kufakitale mulibe. Popanda chimenecho sindidziwa ndi chitsulo chanji, kaya anachiyesa. Ndamata pepala lofiira, ndatsekera m'kabati ya katundu wokayikitsa.

Lachiwiri, 4 Malichi
Ba Kasoma, oyang'anira omanga, abwera kawiri. Ndege ya madokotala oyendera kumidzi ikufunika Lachisanu. "Monde, bawuti ni bawuti chabe." Ndakana. Ulendo wachiwiri ndakananso. Zaka zisanu ndi chimodzi m'sitolo muno, palibe chinatulukapo chopanda nambala yake.

Lachinayi, 6 Malichi
Tsiku lowerenga katundu. M'bokosi lija 46. Ndabwereza katatu. 46.
Dzulo masana ndinathamangira kukiliniki, mwana wanga Tiza chifuwa chamuvutanso. Kiyi wa kabati ndinasiya m'dirowa. Wodziwa dirowa imeneyo ndi mmodzi yekha: Fabian, mwamuna wa mng'ono wanga Betty. Ndiye amamanga mapiko. Ndiyenso anandipezera ntchito ino.
Ndamufunsa kuseri kwa shedi. Sanakane. "Mulamu, ba Kasoma benze pakhosi panga. Ni vabwino, naviona na maso." Anayi onse ali kale paphiko lakumanzere.


Lachisanu, 7 Malichi
Betty ali ndi pakati, miyezi isanu ndi iwiri. Ndege ija imanyamula anthu asanu ndi mmodzi. Ndayenda nazo ziwirizi m'mutu kuchokera kwathu ku Kalingalinga mpaka pageti la kuntchito.
8 koloko ndalemba lipoti. Dzina la Fabian, langanso, ndi za kiyi. Sindinabise kanthu. Phiko alimasula ine ndikuona. Ndege sinatuluke. Fabian wadutsa pawindo la sitolo osatembenuka.

Lachitatu, 12 Malichi
Fabian amuchotsa ntchito. Ine kalata ya chenjezo. Ba Kasoma akuti sanatume munthu, ndipo zathera pomwepo. Masana anabwera kudzasainira guluu ndi magolovesi, akuimba mluzu.

Lamlungu, 16 Malichi
Kutchalitchi Betty wasamukira benchi lina. Mapazi ake atupa, ndaona. Tiza akufunsa chifukwa chake anti sanamupatse moni. Ndati sanatione. Bodza loyamba pankhani yonseyi, ndipo ndanamiza mwana.

Lachinayi, 27 Malichi
Chikalata chafika. Akuti chinatsalira mu envulopu ina. Nambala zonse zikugwirizana. Mabawuti ndi enieni, oyesedwa, alibe vuto. Ndachotsa pepala lofiira, ndawaika pashelefu. Ndakhala pansi nthawi yaitali. Kulira ayi. Kuzizidwa chabe.
Poweruka ndapita kumsewu kumene Fabian akuwotcherera mageti tsopano. Munthu amene ankamanga mapiko. Ndamuuza zonse, ndinafuna amve kwa ine. Ndimayembekeza kutukwanidwa.
Anavula magalasi akuda owotcherera, napukuta nkhope. "Lelo ndiye tadziwa, mulamu. Tsiku lija sitinadziwe, ine na imwe. Ninamanga chabe, nikupemphera."
Kenaka anandipempha ndimugwirire chitsulo, chinkapendekeka. Ndinagwira, nkhope kumbali, moto ukuthetheka pafupi ndi nsapato zanga zakuntchito.
Za Betty sindinafunse. Mawa ndipita ndekha. Akatseka chitseko ndikhala pakhonde.