Kafukufuku Wanu Wauka kwa Akufa

Bambo a ana,

Ndathamangira ku ntchito, ndachedwa kale. Pepani, ndagwira laputopu yanu yakufa ija, imene mwakhala mukuilira maliro zaka ziwiri kuti inapita ndi kafukufuku wanu yense wa digiri.

Mnzanga wa ku ofesi anandibwereka kabokosi kolowetsamo hadi disiki. Ndatumbula malemuwo ndi nsonga ya mpeni, ndazula disikiyo, ndaiika m'kabokosimo, n'kulumikiza kachingwe ku kompyuta yanga. Kanyali kanangoti phethiphethi, basi zonse poyera. Inu munkati ntchito imeneyi ndi ya akatswiri a kunja, koma ine ndamaliza madzi a tiyi asanawire n'komwe.

Uthenga wabwino ndi wakuti kafukufuku wanu ali moyo. Ndamupeza bwinobwino: mutu, dzina lanu m'zilembo zikuluzikulu, ndi tsamba lothokoza mkazi wanu wokondedwa chifukwa cha kupirira kwake. Zikomo kwambiri. Masamba mazana awiri munkanena aja sindinawaone, mwina abisala kuseri kwa mavidiyo a mpira, omwe alipo 314.

Musazule chingwecho, zithunzi za ukwati wathu zikukopedwa. Kasikuluu kamodzi kagwera pansi pa sofa, kasakeni mwana asanakameze. Mpeni wapindika, muuwongole.

Amayi anu aimba foni m'mawa uno. Ndawauza kuti mapemphero awo ayankhidwa, ndiye akuti abwera Loweruka ndi abusa kudzakumvani mukuwerenga chaputala choyamba. Lero ndi Lachitatu. Mpando ndakukokerani kale.

Ndine,
mkazi wopirira uja